Mu 1964 pulezidenti kunalibe, achimwene

Mwafunsa kuti ngati a Kamuzu anali nduna yaikulu mu 1964, pulezidenti anali ndani. Kunalibe. Mutu wa dziko anali Mfumukazi Elizabeth II, ndipo kuno ankaimiridwa ndi Sir Glyn Jones. A Kamuzu ntchito yawo inali yoyendetsa boma. Zinakhala choncho mpaka pa 6 Julayi 1966, pamene Malawi anasanduka ripabuliki, iwo n'kutenga mipando yonse iwiri.

Si kwathu kokha. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, maiko ambiri a mu Africa analandira ufulu ndi dongosolo lochokera ku Ulaya: wina mutu wa dziko, wina mutu wa boma. Nkrumah ku Ghana anali nduna yaikulu pa ufulu mu 1957, nakhala pulezidenti mu 1960. Nyerere anafika pa upulezidenti mu 1962, Kenyatta mu 1964. Koma a Kaunda, pafupi pano ku Zambia, anakhala pulezidenti kuyambira tsiku la ufulu lomwe.

Kumene mipando iwiriyo inakhalidwa ndi eni nthaka okhaokha ndi kumene kunabuka moto. Ku Congo, mu Seputembala 1960, Pulezidenti Kasavubu analengeza pa wailesi kuti wachotsa nduna yaikulu Lumumba. Lumumba naye anapita pa wailesi kukanena kuti wachotsa Kasavubu. Mobutu analowererapo ndi asilikali, ndipo pofika Januwale 1961 Lumumba anali ataphedwa. Nkhani imeneyi imandipweteka mpaka lero. Ku Senegal, Senghor anatsekera m'ndende nduna yake yaikulu Mamadou Dia atasemphana mu 1962. Ku Uganda, nduna yaikulu Obote anagwetsa Pulezidenti Mutesa II, yemwenso anali Kabaka (mfumu) wa Buganda, mu 1966. Asilikali otsogozedwa ndi Idi Amin anathira nkhondo nyumba yachifumu, Mutesa n'kuthawira ku London komwe anakafera.

Ena poona izi amati atambala awiri salira m'khola limodzi, ndiye kuphatikiza mipando kunali nzeru. Ine sindivomereza. Mpando wachiwiri utachoka, panasowa munthu woti n'kuuza mtsogoleri kuti apa mwapyola. Kwathu kuno, lamulo lomwe linabweretsa ripabuliki ndi lomwenso linakhazikitsa chipani chimodzi, ndipo mu 1971 a Kamuzu anakhala pulezidenti wamuyaya. Ku Zimbabwe zinangochedwerapo: Canaan Banana anali pulezidenti kuyambira 1980, Mugabe nduna yaikulu, mpaka mu 1987 pamene Mugabe anatenga zonse, n'kukhalapo mpaka 2017.