Kodi Gamma Knife ingachize matenda a OCD?

Mayi wina wandilembera imelo yokhudza mchimwene wawo amene ali ndi OCD, matenda a maganizo okakamiza munthu kuchita chinthu chimodzimodzi mobwerezabwereza. Amasamba m'manja mpaka khungu kung'ambika, ndipo akafuna kutuluka amabwerera kambirimbiri kukaona ngati chitseko chakhomedwa. Mayiwa anamva kuti kunja kuli opaleshoni ya ubongo yosatsegula mutu, ndiye akufunsa ngati abale ayambe kusonkha ndalama.

Mayi, makinawo alipodi, dzina lake Gamma Knife. Anawayambitsa ndi dokotala wa ku Sweden, Lars Leksell, ndipo oyamba anagwira ntchito ku Stockholm mu 1968. Amakono amawomba cheza cha cobalt-60 kuchokera mbali 192. Cheza chilichonse pachokha n'chofooka, koma pamene zonse zakumana chimapha kachigawo kakang'ono ka ubongo. Pa OCD amaloza internal capsule, mtolo wa mitsempha yolumikiza kutsogolo kwa ubongo ndi thalamus, chigawo cha mkatikati mwa ubongo.

Musapusitsidwe poti magazi satuluka. Pamene pafa pafa basi, palibe kubweza. Wodwalanso sadzuka atachira ayi. Kusintha kumaoneka patapita miyezi, mwina chaka, ndipo si onse amathandizika. Ena ubongo umatupa, ena amadzachita chotupa chamadzi patapita zaka. N'chifukwa chake ku Providence ku America ndi ku São Paulo ku Brazil, kumene akhala akuchita zimenezi, amalandira okhawo amene kwa zaka ayesa mankhwala osiyanasiyana ndi uphungu koma osaphula kanthu. Madokotala saiwala lobotomy, opaleshoni yakale yodula mitsempha ya kutsogolo kwa ubongo, imene inapatsa dokotala Egas Moniz mphoto ya Nobel mu 1949 koma n'kusiya anthu ambiri osathanso kudzisamalira.

Kumene njirayi yazika mizu ndi pa trigeminal neuralgia, kupweteka kwa nkhope kobaya ngati magetsi. Imathandizanso ena onjenjemera manja, makamaka okalamba amene sangapirire opaleshoni wamba.

M'kalata mwanu simunanene zimene achimwenewo alandirapo. Kodi anamwapo mankhwala a fluoxetine pa mlingo wokwanira kwa masabata 12 osadukiza? OCD imafuna mlingo waukulu kuposa wa matenda okhumudwa, ndipo ambiri amasiyira panjira. Nanga uphungu wotchedwa ERP, pamene wodwala amaphunzira pang'onopang'ono kugwira chomwe amachiopa popanda kuthamangira kumpopi? Ndikanakhala ine, ndalama zosonkhazo zikanayamba zapita ku thiransipoti yokaonana ndi madokotala a maganizo ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God ku Mzuzu.