Mwana wanga akusewera gemu ya mizukwa ndi matsenga, ndimulande?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Dwangwa, dzina sinditchula. Mwana wawo wamwamuna wa zaka 12 wapatsidwa PS4, makina osewerera magemu pa TV, ndi abambo ake aang'ono amene abwera kuchokera ku Joni, pamodzi ndi madisiki awiri, The Witcher 3 ndi Skyrim. Mayiwa atasuzumira pa TV anaona anthu akuponya moto ndi manja, mizukwa, zinjoka zouluka, ndiye akufunsa kuti kodi zimenezi nzoyenera mwana, kapena ndi ufiti umene anzawo a kumpingo akunenawo?

Mayi, imelo yanuyi ndaiwerenga kanayi. Ndinafuna kuyankha tsiku lomwelo koma ndinangotseka laputopu nkukakhala pakhonde, chifukwa yandikumbutsa nkhani imene sindinailembepo pano olo kamodzi.

Amene mumawerenga kuno mukudziwa kuti ndimakonza mafoni ndi makompyuta pa Kamuzu Road kuno ku Salima, ndipo magemu ndimawakonda, sindibisa. Ndinayambira pa PS2 ya m'kachipinda kena kuseri kwa video show tili anyamata, kulipira ndalama ya mandasi kuti ugwireko padi yosewerera mphindi khumi. The Witcher 3 ndinaimaliza kawiri. Ndiye musaganize kuti akukuyankhaniyu ndi munthu wodana ndi magemu, ayi.

Mu 2019 mchemwali wanga anachoka kubanja ku Chipoka nkubwerera kumudzi. Zifukwa zake sindilowamo kwambiri, kungoti mwamunayo ankamwa, akamwa ankamenya, ndipo chaka chimenecho mchemwali wanga anapita padera. Ine monga malume, mwini mbumba, ndinatenga mwana wake woyamba kuti azikhala nane aziphunzira kuno, anali ndi zaka 11, Sitandade 5. Mwanayu anafika ali duu, osalankhula, osaseka, kudya kwake kongotola, anzake akamasewera mpira wachikulunga panja iye ali pakhomo kumangowayang'ana. Ndinasowa chochita. Tsiku lina anandipeza ndikusewera, anaima kumbuyo kwanga nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti amalume hatchiyo dzina lake ndani, ndipo kanali koyamba kuti andifunse kanthu chibwerereni. Ndinasangalala kwambiri moti ndinamupatsa laputopuyo pompo. Ndinkati ndikapita kushopu ndimusiyira, akaweruka azisewera.

Ndinkadziwa zimene zili mugemumo. Izi ndi zimene zimandiwawa mpaka lero. Ndinali nditaimaliza, koma m'mutu mwanga ndinkangokumbukira malupanga ndi zilombo, ndinkati Chingerezi chake nchochepa sazimva zambiri, azingokwera hatchi nkumamenya mimbulu basi.

Patapita masabata ngati awiri, tikudya nsima ya usipa madzulo magetsi atazima, anasiya kudya nkundifunsa kuti, "Amalume, kodi mwana wa mtayo akakwiriridwa opanda dzina amadzuka?"

Mbamu inandiuma m'manja. Ndinadziwa pomwepo pamene wafika. Mu The Witcher 3 umasewera ngati Geralt, mlenje wa zilombo amene akufunafuna mtsikana amene anamulera, Ciri, ndipo chakumayambiriro kwenikweni m'dera la Velen umakumana ndi mkulu wina wotchedwa Bloody Baron amene mkazi wake ndi mwana wake wamkazi asowa. Ukamafufuza umapeza kuti sanabedwe ayi, anathawa, chifukwa mkuluyu ndi chidakwa ndipo ankamenya mkazi wake, mkaziyo anali woyembekezera, mimba inachoka, mkuluyo anatenga kamwanako nkukakwirira mobisa osakapatsa dzina. Ndiye kamwanako kamadzuka ngati chilombo, kokwawa, kamchombo kali pakhosi, ndipo gemu imakufunsa iweyo wosewera kuti tikaphe kapena bamboyo akanyamule m'manja akapatse dzina nkukaika pansi pa khomo la nyumba. Zimaoneka zonse, sikufunika Chingerezi. Ndipo malinga ndi mmene wasankhira zinthu zina kutsogolo, mkuluyo ukhoza kudzamupeza atadzimangirira pamtengo.

Kwa ine wamkulu, iyi ndi nkhani imodzi yolembedwa bwino kwambiri imene ndinaionapo mu gemu iliyonse, a CD Projekt Red a ku Poland amene anaitulutsa mu 2015 sanaseke nayo nkhanza, anaionetsa kuipa kwake kwenikweni. Koma mphwangayo samaona luso la olemba. Amaona bambo ake. Amaona mayi ake. Kwathu kuno maliro a mtayo amaika ndi amayi okhaokha, mwakachetechete, dzenje losazama, osalira mokweza, ana sauzidwa chilichonse, ndiye iye anangomva mphekesera kuti kunali mwana koma kulibe, palibe anamufotokozera, ndipo woyamba kumufotokozera anakhala laputopu yanga ine ndili kushopu kusintha masikirini a mafoni a anthu. Anagona kuchipinda kwanga pafupifupi mwezi wathunthu. Ankadzuka usiku kukaona ngati chitseko chili chokhoma.

Ndiye mayi, funso lanu la ufiti ndikulimva, koma ndikuuzeni mosapsatira kuti mukuyang'ana kolakwika. Moto wotuluka m'manja si umene udzamusowetse tulo mwana wanu. Ife tinakula ndi nthano za zimphona, afisi osanduka anthu, mfiti zouluka pa lichero, agogo akutisimbira pamoto ife nkumati tili tonse, ndipo ana amadziwa bwino kuti chinjoka cha pa TV si chenicheni. Ngati chikhulupiriro chanu sichilola zamatsenga m'nyumba mwanu olo zamasewera, umenewo ndi ufulu wanu, nyumba ndi yanu ndipo sindingakutsutseni. Koma ndimadandaula ndikaona makolo akulanda mwana Pokémon ati ndi satanic kenako nkumusiyira gemu ya asilikali kapena ya mbava za galimoto yodzaza kutukwana ndi mahule chifukwa choti mulibe mfiti. Zafika poti timaopa chithunzi cha nyanga kuposa chithunzi cha mwamuna akumenya mkazi, ndipo zimenezi zimandipweteka mtima.

Komanso pa nkhani ya ufiti yomweyi pali china chimene anzanu a kumpingowo mwina sakudziwa. Mu gemu yomweyo ukafika mumzinda wa Novigrad chinthu choyamba kuona ndi anthu akuwotchedwa amoyo pabwalo chifukwa choganiziridwa zamatsenga, khamu likuonerera, ndipo gemuyo ili kumbali ya owotchedwawo, owotchawo ndi amene akuonetsedwa kuti ndi oipa. Ine nditafika pamenepo ndinakumbukira agogo anayi aja anaphedwa ku Neno mu 2016 powanamizira ufiti, dziko lomwe lino limene lamulo lake la 1911 limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti koma timapitirizabe. Munthu wamkulu akhoza kuphunzirapo kanthu pamenepo. Mwana wa zaka 12 angoona munthu akupsa akukuwa.

Anzanga ena a magemu andinena kuti ndakalamba, ati ndi gemu chabe man, ife tinakula tikuonera mafilimu a nkhondo ku video show ndipo sitinaphe munthu. Zoona, inenso sindikhulupirira zoti mwana akasewera gemu ya malupanga mawa akabaya mnzake, ndaona ana mazanamazana akudutsa pashopu panga ndipo si zigawenga. Koma filimu umangoonera, ikatha yatha. Magemu amtundu uwu, amene amati RPG, chimene chimawapangitsa kukoma nchoti iweyo ndiwe munthuyo, umasankha wekha chonena ndi chochita ndipo zotsatira zake umazisenza maola makumimakumi. Tengani Skyrim yomweyo, ya kampani ya Bethesda, ya 2011, imene anthu amati ndi yofatsa poti mulibe zogonana zoonekera ngati mu Witcher. Muli gulu la zigawenga lotchedwa Dark Brotherhood, ndipo kuti ulowemo zimayamba ndi kamnyamata kamasiye kokupempha kuti ukaphe mayi wankhanza woyang'anira nyumba ya ana amasiye, ukamupha umadzuka uli m'kanyumba ndi anthu atatu omangidwa atavekedwa matumba kumutu nkuuzidwa kuti sankha mmodzi umuphe. Kwina muli gulu lodya anthu limene limakuitana kuphwando. Mitu imadulidwa kuyambira mphindi zoyambirira zenizeni. Zonsezi mwana akhoza kuzipewa, inde, koma ndi mwana uti amapewa khomo lotseguka? Ndipo amakhala yekha. Agogo akamasimba nthano yoopsa ankaona nkhope zathu, akaona kuti wina wayamba kunjenjemera ankaifewetsa kapena kuyambitsa nyimbo, gemu siona nkhope ya mwana wanu, siidziwa kuti kunyumba kwanu kunachitika zotani chaka chatha.

Ndipo abale athu a ku Joni, ndikupempheni. Ndikudziwa mumagula ndi mtima wabwino, mwina mwapeza PS4 yogwiritsidwa kale ntchito pamodzi ndi madisiki ake nkungonyamula zonse, koma tayang'anani kaye pabokosipo musanapereke kwa mwana wa m'bale wanu. Ifenso amashopu tili ndi mlandu waukulu kuposa inu. Mwana amabwera ndi foni ya mayi ake kapena memore khadi, amalume ndiikireni magemu, ife nkumuthirira chilichonse chili pa hard drive, PPSSPP (pulogalamu yosewerera magemu a PSP pa foni) ndi gemu ya God of War momwemo muli magazi ndi akazi osavala, tilandire kandalama basi. Gemu yothiridwa chonchi ilibe bokosi, ilibe nambala, kholo silingadziwe. Ine chichitikireni za mphwanga zija ndinapanga mafoda awiri, ina ya magemu a ana, inayo ya akuluakulu, ndipo mwana akabwera yekha foda inayo sinditsegula olo alire, ena amapita kwa anzanga kutsidya kwa msewu, ndimadziwa, koma kwa ine ayi.

Nthawinso ndi nkhani ina. Magemu awa sali ngati FIFA kuti mphindi khumi mpira watha mwazimitsa. The Witcher 3 ukafuna kuchita zonse umadutsa maola 100, ndipo nthawi zonse pamakhala kantchito kena kakang'ono kokuitana kuti ungomaliza aka kokha. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO mu 2019 linavomereza kuti kukodwa ndi magemu mpaka kusiya zina zonse ndi vuto la umoyo, ngakhale si aliyense wosewera amene amafika pamenepo. Wa Sitandade 7 kapena 8 amene mayeso ali pafupi, ganizirani.

Nambala ya pa bokosi

Tengani mabokosi awiriwo muyang'ane pakona pansi. Ngati anachokera ku Ulaya pali nambala ya PEGI, dongosolo loonetsa zaka zoyenera kusewera gemu limene linayamba mu 2003, ndipo manambala ake ndi 3, 7, 12, 16 ndi 18. A ku America amalemba zilembo za ESRB, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1994 aphungu a kumeneko atakangana za magazi a mu gemu ya Mortal Kombat, E ndi ya aliyense, T ndi ya zaka 13 kupita m'mwamba, M ndi ya 17. A ku South Africa amamata chizindikiro chawo cha FPB, bungwe lawo loona za mafilimu ndi magemu, chokhalanso ndi zaka. Nambalayi sikunena kuvuta kwa gemu ngati mmene makolo ena amaganizira, kuti mwana wanga ndi wanzeru akusewera ya 18, ikunena zimene zili mkatimo. Kumbuyo kwa bokosi kuli tizithunzi, chibakera ndi nkhanza, kangaude ndi zoopsa, jakisoni ndi mankhwala ozunguza bongo. The Witcher 3 ndi Skyrim onse awiri PEGI inawapatsa 18, ESRB inawapatsa M. Baldur's Gate 3 ndi Diablo IV za 2023 nazonso ndi 18, Elden Ring ndi 16, ndikutchuliranitu poti akadzakula pang'ono adzazitchula.

Ndiye yankho langa ndi ayi, wa zaka 12 asasewere awiriwo, Witcher makamaka, poti kuwonjezera pa zimene ndafotokozazi mulinso kutukwana, maliseche ndi nyumba za mahule. Makinawo musawotche kapena kugulitsa, alibe mlandu. Madisiki awiriwo muike musutikesi, mumupezere Minecraft, kapena ngati akufuna malupanga ndi zinjoka zomwezo pali Dragon Quest XI ndi Ni no Kuni II zimene PEGI inazipatsa 12 ndipo zimasewereka pa PS4 pomwepo. Mu Settings muli Parental Controls, mumaika malire a zaka ndi nambala yachinsinsi, aliyense wokonza mafoni pa Dwangwa akhoza kukuthandizani. PS4 izikhala pabalaza osati kuchipinda. Abambo ake aang'onowo muwauze mwaulemu, sanadziwe.

Mphwanga uja mapeto ake ndinakwera minibasi kukatenga mayi ake, anakhala naye masiku atatu nkumufotokozera okha zimene zinachitika, zimene timayenera kuchita kalekale. Pano ndi mnyamata wamkulu, ali ku sekondale, amandithandiza kushopu pa holide, koma gemu ija sanaifunsenso.

Musanamulande, mayi, mumufunse kaye kuti wafika pati. Akakuuzani kuti wakumana kale ndi Baron musamukalipire, mukhale naye pansi usiku womwewo akuuzeni yekha zimene anaona.