Jimu ya achinyamata ku Chikanda: zitsulo si vuto

Achimwene, mwafunsa ngati mungayambitse jimu ya achinyamata ku Chikanda mumzinda wa Zomba mulibe ndalama zogulira zitsulo. N'zotheka. Ife ku Matawale tinayamba ndi thumba limodzi la simenti.

Pezani zitini ziwiri za penti za malita 5, muthiremo konkire, pakati mulowetse paipi yachitsulo. Chitini chimodzi chikauma chimalemera pafupifupi makilo 12. Muzichithira madzi sabata yathunthu musanachinyamule. Ine ndinapupuluma, china chinasweka n'kugwera mnyamata wina pachala. Mpaka lero akandiona amayamba kutsimphina dala. Chigubu cha malita 20 chodzaza madzi ndi makilo 20 kale. Onjezerani matayala akutha ndi chingwe cholumpha, basi.

Chimene chidzakuvuteni ndi njala. Mwana wobwera m'mimba mulibe kanthu musamunyamulitse zolemera, amachita chizungulire. Ife timasonkha ya mbatata ndi tiyi, makamaka Loweruka tikamathamanga kukwera msewu wa Ku Chawe, paphiri la Zomba.

Kaonaneni kaye ndi amfumu komanso makolo. Atsikana muwapatse ola lawolawo, apo ayi adzabwera tsiku limodzi lokha.