Chijapanizi simuchimva, koma kaoneni filimuyo

Mayi wina amene ndi namwino ku Sheffield wanditumizira imelo sabata yatha. Akuti anaona chikwangwani cholengeza mafilimu a ku Japan amene akuzungulira m'mizinda ya ku Britain, ndiye akufunsa kuti: "Chijapanizi sindichimva ngakhale liwu limodzi, ndipo masiku anga opuma ndi ochepa. Ndikatayeko ndalama, kapena zimenezi ndi za anthu ophunzira kwambiri okha?"

Achemwali, pitani ndithu. Chimene mwaonacho ndi Japan Foundation Touring Film Programme, yomwe inayamba mu 2004 ndipo imachitika chaka ndi chaka cha m'ma February ndi March. Imakonzedwa ndi Japan Foundation, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1972 kuti lidziwitse mayiko ena za chikhalidwe cha ku Japan. Mafilimuwo amayendayenda, kuchoka ku malo oonetsera kanema a ICA ku London mpaka ku Bristol, Manchester, Belfast ndi kwanu komweko ku Sheffield, ku nyumba ya kanema ya Showroom. Za chilankhulo musade nkhawa, mawu a Chingelezi amalembedwa m'munsi.

Ubwino wake ndi woti ambiri mwa mafilimuwa simudzawapeza m'nyumba zikuluzikulu zoonetsera kanema. Amabwera kamodzi, usiku umodzi, basi apita.

Koma ndikupempheni chinthu chimodzi: musakasake a malupanga ndi asamurai. Kasankheni filimu ya m'banja, yooneka ngati palibe chikuchitika. Apo m'pamene anthu a ku Japan amandigwira mtima. Mu 1953 Yasujiro Ozu anapanga Tokyo Story, nkhani ya agogo awiri ochokera ku Onomichi amene apita ku Tokyo kukaona ana awo. Anawo ndi otanganidwa, wina ndi dokotala, wina ali ndi saluni, ndiye akungopatsirana makolo ngati katundu, mpaka kuwatumiza ku malo opumulirako ku Atami kuti achoke pakhomo. Amene akuwasamala ndi mpongozi wawo, yemwe mwamuna wake sanabwereko kunkhondo. Palibe wolalata, palibe wotukwana. Agogowo akungoti zikomo, uku akumwetulira. Ine nditaiona ndinakhala chete nthawi yaitali, chifukwa ndinakumbukira mayi anga atabwera kutauni ndi thumba la ufa pamutu, ine n'kumawasiya okha tsiku lonse ndi wailesi. Munthu wokulira kwathu, amene amadziwa kuti wamkulu akakhumudwa sanena, filimu yotere amaimva msanga kuposa wophunzira uja mukumuopayo.

Chodabwitsa n'chakuti ogulitsa mafilimu ku Japan ankaganiza kuti za Ozu ndi zachijapanizi kwambiri moti alendo sangazimve. Akira Kurosawa, wopanga mafilimu wina wa ku Japan, ndiye anali atatchuka kale kunja, atapambana pa mpikisano wa mafilimu ku Venice mu 1951. Koma filimu ya Ozu itaonetsedwa ku London inalandira mphoto ya mafilimu yotchedwa Sutherland Trophy mu 1958.

Sindikuti mukaipeza imeneyi pa ndandanda wa chaka chino, poti ambiri amakhala atsopano, ndipo chaka chilichonse chimakhala ndi mutu wake. Werengani kabuku kawo, musankhe yonena za makolo, ana kapena ntchito. Onaninso kutalika kwake musanagule tikiti, chifukwa ena amapitirira maola awiri. Ndipo musapite mutangoweruka ntchito ya usiku, mungakapeze kuti mwalipira ndalama kuti mukagone pampando.