Kodi fizikisi ya nyukiliya ndi yopangira mabomba basi?

Mayi wina anditumizira imelo sabata yathayi. Mwana wawo wamkazi, yemwe ali Folomu 4, akuti akufuna kudzakhala katswiri wa fizikisi ya nyukiliya, ndiye iwo mtima uli m'mwamba. "Kodi imeneyi si ntchito ya mabomba?" andifunsa choncho.

Mayi, sindikunamizani, mabombawo alimodi m'mbiri ya ntchitoyi. Ngakhale Chien-Shiung Wu, mayi wasayansi wochokera ku China yemwe ndikufuna mumudziwe, mu 1944 analowa nawo m'gulu la Manhattan Project, lomwe linapanga bomba la atomiki. Koma chimene amakumbukiridwa nacho si chimenecho.

Wu anabadwa mu 1912 ku Liuhe, kufupi ndi Shanghai. Bambo ake anatsegula sukulu ya atsikana, ndipo iye anayambira pomwepo. Mu 1936 anakwera sitima ya pamadzi kupita ku America, nalandira digiri yapamwamba ya PhD ya fizikisi ku yunivesite ya ku Berkeley mu 1940. Makolo ake sanawaonenso mpaka anamwalira.

Mu 1956 Tsung-Dao Lee ndi Chen Ning Yang anakayikira zomwe aliyense ankakhulupirira, zoti mkati mwa atomu mulibe kusiyanitsa kumanja ndi kumanzere. Awiriwa anali akatswiri a choko ndi pepala. Woti ayese ndi manja anali Wu. Analepheretsa ulendo womwe anakonza ndi mwamuna wake, n'kupita ku National Bureau of Standards, bungwe la boma la America loona za miyezo, ku Washington. Kumeneko, pamodzi ndi anzake, anaziziritsa cobalt-60, chitsulo chotulutsa tizinthu ting'onoting'ono totchedwa maelekitironi, kufika pafupifupi madigiri 273 pansi pa ziro, nagwiritsa ntchito maginito kuti timitima ta maatomuwo tiloze mbali imodzi. Kenako kuwerenga maelekitironi otuluka. Lamulo lakale lija likadakhala loona, akadatuluka ofanana uku ndi uku. Ayi ndithu, ambiri anathamangira mbali imodzi.

Zotsatira zinalengezedwa mu Januwale 1957. Chaka chomwecho mphoto ya Nobel inapita kwa Lee ndi Yang, Wu osapatsidwako. Ine zimenezi zimandiwawabe, ngakhale mu 1975 anakhala mayi woyamba kutsogolera American Physical Society, bungwe la akatswiri a fizikisi ku America, ndipo mu 1978 analandira mphoto ina yaikulu ya Wolf Prize.

Tsono Mayi, tsiku ndi tsiku ntchitoyi ndi yoyeza, kuwerenga, kukonza makina ovuta, n'kuyezanso. Cobalt-60 yemweyo ndi amene makina ena a m'zipatala amawotchera khansa. Mwanayo mukamufunse kuti masamu zikumuyendera bwanji, chifukwa ndi pomwe pagona nkhani pa mayeso a MSCE akubwerawa.