Kodi zithunzi za mu situdiyo zingagulitsidwe pa Shutterstock?

Mnyamata wina wa pa Dedza boma wanditumizira imelo. Akuti ali ndi kasitudiyo, amajambula zithunzi za pasipoti, zinkhoswe ndi maukwati, ndiye wamva zoti anthu akugulitsa zithunzi pa Shutterstock, msika wa zithunzi wa pa intaneti, nkumalandira madola. Akufunsa ngati angatenge zithunzi za makasitomala zomwe zadzadza mu kompyuta yake nkuzikweza kumeneko.

Achimwene, zimenezo ayi, musayerekeze. Mayi amene anabwera kudzajambulitsa za chinkhoswe analipira kuti chithunzi chikakhale pa khoma kwawo, sanavomere kuti nkhope yawo ikagulitsidwe kunja. Ndipo Shutterstock ndi makampani anzake ngati Adobe Stock ndi iStock, onsewa salandira chithunzi cha malonda chomwe munthu akuzindikirika popanda fomu yomwe amati model release, yosayinidwa ndi mwini nkhopeyo. Akakhala mwana wosakwana zaka 18 amasayina ndi kholo kapena womusamalira.

Fomu imeneyi ndi yomwe ine imandikhudza kwambiri, chifukwa imakhala ya Chingerezi ndipo kwathu kuno munthu ukamupatsa pepala amangosayina poopa kuoneka wovuta. Khalani naye pansi, mumuuze mu Chichewa kuti chithunzichi chikhoza kugulidwa ndi banki, kampani ya ngongole, bungwe la zaumoyo lomwe likulemba za matenda, ku dziko lililonse, ndipo amene wagula kale simungakamulande ngakhale mutachichotsa pa intaneti mawa. Malamulo awo amaletsa kuchigwiritsa ntchito monyoza munthu, zoona, komabe taganizani mayi wogulitsa kachewere pa Lizulu atumiziridwe nkhope yake pa WhatsApp ndi m'bale wake wa ku Johannesburg iye asakudziwa kanthu, nkhani imeneyo ikathera kwa amfumu ndipo situdiyo yanu anthu ayamba kuilambalala. Akakana musamukakamize. Akavomera mulipireni tsiku lomwelo, mumupatsenso zithunzi zake.

Ndiye yambani mwatsopano, kujambula dala za msika umenewu. Ogula safuna zija timakonda ife, nsalu yakumbuyo ya maluwa ndi nyumba yosanja, munthu atayima njo ngati wa pa ID. Amafuna nsalu yoyera kapena yotuwa yopanda makwinya, munthu akuchita kanthu: mtsikana akuwerenga meseji pa foni, bambo wachikulire akuseka, mlimi atanyamula dengu la tomato, mayi atavala juzi ndi mpango monga timavalira kuno mu Juni. Mbali imodzi musiye malo opanda kanthu poti ogulawo amalembapo mawu awo.

Zovala muziyang'ane bwino musanadine. Jezi ya Bullets kapena Manoma, tisheti ya Airtel kapena TNM, chitenje cha chipani kaya cha mpingo cholembedwa dzina, chizindikiro cha Nike pa kapusi, ngakhale ka logo ka kumbuyo kwa foni, zonsezi zimabwezetsa chithunzi.

Za kuwala musadandaule ngati mulibe softbox, nyali ya mu situdiyo yofewetsa kuwala. Zenera lalikulu lomwe dzuwa silikulowa mwachindunji limakwana, munthu ayime chapambali pake, mbali ya mthunzi wina agwire pepala lalikulu loyera kuti kuwala kubwerere pa tsaya, ndipo magetsi akathima inu ntchito ikupitirira. Khungu musaliwalitse ndi mafyuluta mpaka munthu wakuda bwino asanduke woyera, lisiyeni lioneke mmene lilili. Mukamaliza kulitsani chithunzi mpaka 100% muone maso, ngati maso sakuoneka bwinobwino chitayeni basi, oyendera zithunzi a ku kampaniko akachikana. Chikhale JPEG yosachepera ma megapixel 4.

Mawu ofufuzira, omwe ogula amapezera chithunzi chanu, mulembe mu Chingerezi, Shutterstock imalola mpaka 50, ndipo musaiwale Malawi, African, portrait, studio. Lembani zomwe zikuonekadi, osamutcha munthu dokotala chifukwa choti wavala zoyera.

Ndalama zake ndikuuzeni chilungamo, nzochepa poyamba. Shutterstock imapatsa wojambula pakati pa 15% ndi 40%, woyamba kumene amayambira pa 15, ndipo nthawi zambiri chithunzi chikagulidwa mumapeza masenti 10 a dola. Adobe Stock imapereka 33%. Ubwino wake chithunzi chimodzi chimagulidwa kambirimbiri ndipo mutha kuchiika pa malo angapo bola musasayine zoti ndi cha kampani imodzi yokha. Ndalama amatumiza zikafika pa mlingo wawo, kudzera mu njira ngati Payoneer, ndiye tsegulani akaunti imeneyo msanga, mudzazenso fomu ya msonkho ya W-8BEN yomwe amapempha anthu a kunja kwa America. Pakadali pano za pasipoti ndi maukwati musasiye, ndi zomwe zizikugulirani bandulo yokwezera zinazi.