Za denga la camper yanu, achimwene

Achimwene, mwafunsa za camper (ngolo yokhala ngati kanyumba yogonamo paulendo) yomwe mwagula kwa munthu ija, kuti mvula ikagwa m'mbali mwake mukutsika mizere yoyera ndi yakuda, ndiye mukufuna kudziwa chotsukira denga. Ndaona wina wakuuzani kuti muthire degreaser (mankhwala osungunula girisi) kenako muwombe ndi pressure washer (makina opopera madzi mwamphamvu). Chonde musatero ayi.

Yambani mwadziwa kaye mtundu wa dengalo. Ma camper ambiri amene amapangidwa kuno ku Indiana ku America, m'matauni a Elkhart, Goshen ndi Middlebury, amawafolera ndi chinsalu chopyapyala cha labala wotchedwa EPDM kapena cha pulasitiki yofewa yotchedwa TPO, chomatidwa pamwamba pa thabwa. Lowani kubafa, masulani felemu ya pulasitiki yozungulira vent (kazenera ka padenga kotulutsira mpweya), muona m'mphepete mwa chinsalucho mutapindikira mkati. Chikakhala choyera pamwamba koma chakuda kunsi ngati chubu cha njinga, ndi EPDM. TPO sikhala yakuda kunsi. Mizere yoyerayo ikundiganizitsa kuti yanu ndi EPDM, chifukwa ikapsa ndi dzuwa imayoyoka ufa ngati choko. Si kuwonongeka kumeneko, ndi mmene imakalambira.

Labala ameneyu sagwirizana ndi chilichonse chochokera ku mafuta a galimoto. Petulo, parafini, thinner, degreaser, ngakhale zotsukira zonunkhira malalanje zija, zimamufufumitsa mpaka amamatuka pa thabwa. Pressure washer nayo imakankhira madzi pansi pa zomatira.

Ine ndimangothira sopo wotsukira mbale wa Dawn pang'ono m'ndowa ya madzi, ndi burashi yofewa ya chigwiriro chachitali. Nyowetsani kaye makoma kuti litsiro lotsika lisaumirepo. Yambirani kutsogolo, muzibwerera cham'mbuyo komwe kuli makwerero, kachigawo kachigawo, mukutsukuluza sopo asanaume. Katatu kapena kanayi pachaka n'kokwanira. Likauma mutha kupaka 303 Protectant yoteteza ku dzuwa. Denga lonyowa ndi sopo limaterera ngati therere, choncho gwadani m'malo moimirira, ndipo pansi pakhale munthu. Ngati camper yanu ilibe makwerero kumbuyo, mwina dengalo silopondapo. Yalani thabwa lalikulu ndipo muziponda pamenepo.

Koma chimene chandilembetsa zonsezi si sopo. Chinsalu chenichenicho sichidontha kawirikawiri. Madzi amalowera molumikizira: kuzungulira ma vent, pa skylight (zenera la padenga lolowetsa kuwala), patsinde pa eriyo, pomwe makwerero anamangidwira, komanso mzere wakutsogolo ndi wakumbuyo pomwe denga limakumana ndi khoma. Malo onsewa anathirapo phala loyera lotchedwa lap sealant, ndipo limauma n'kumang'aluka pakapita zaka. Kuno kwathu chisanu chimawonjezera vuto. Madzi amalowa mu kamng'alu, usiku amaundana n'kukakulitsa, masana amasungunuka n'kulowerera mkati.

Ine zinandionekera. Denga ndinkatsuka mpaka mbee, koma molumikizira sindinkayang'anamo. Tsiku lina mu Epulo, chipale chitangotha, ndinagwada pakona yakutsogolo, bondo langa n'kumira ngati ndagwada pa matiresi. Kamng'alu kake kanali kongolowa chikhadabo basi. Titasenda chinsalu tinapeza thabwa lakuda bii, likufumbutuka m'manja, fungo la nkhungu lili guu. Mkati siling'i inali isanaonetse dontho ngakhale limodzi. Chubu chimodzi cha sealant chikanandipulumutsa.

Ndiye mukatsuka, yendani ndi chala pa phala lonselo. Pomwe lang'aluka pukutanipo bwino, paume, muthirepo Dicor self-leveling lap sealant, amene amadziyala yekha pamalo athyathyathya. M'mbali moimirira pamafunika wa non-sag, winayo amangoyenderera pansi. Lomwe lamatuka lichotseni ndi chopalira cha pulasitiki, mpeni umaboola chinsalu. Nthambi ikang'amba denga, tepi ya EternaBond imagwira kwambiri mukaitsindira ndi mphamvu. Silicone yekha, chomatira china chija, musamuyandikize kudenga. Sachedwa kumatuka, ndipo pomwe wadutsa palibenso chimene chimamatirira. Popeza mwagula kwa munthu, onetsetsani ngati mwini wake wakale sanapakepo, chifukwa ambiri amathamangira ameneyo. Amaoneka wonyezimira, ndipo mukamukoka amatanuka ngati legeni. Muyenera kumuchotsa yense musanathire china.

Muzikwerako pakatha miyezi itatu iliyonse, makamaka mu Okutobala musanaiimike, ndi chisanu chikangotha. Poiimika pewani pansi pa mitengo chifukwa cha utomoni ndi zitosi za mbalame. Musaifunditse lona wabuluu uja, amasunga chinyontho ndiponso amakhula denga kukamawomba mphepo. Gulani chofunditsa cha ma camper chimene chimapitsa mpweya.

Mukakwera Loweruka lino jambulani kuzungulira vent ndi makona onse awiri akutsogolo, muike zithunzizo pano tionere limodzi. Mukapeza pofewa musathirepo kanthu kaye, pamenepo mpofunika kutsegula.